Mawu a Bambo pa Magetsi Achilendo

New York, 11 Febuluwale 1973

Achimwene anga a Crispín,

Choyamba mundipemphere dalitso kwa Bambo, muwauze kuti manja ndaphatikiza ngati kale ngakhale sakundiona. Inu muli bwanji? Nanga achemwali a Eulalia amalemba kuchokera ku Buenos Aires kuja, kapena atiiwala tonse? Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira mpaka makutu kuwawa, ndipo ana awiri a Mayi Kessler amene ndimalera aja onse ali ndi chimfine.

Don Saturnino, woyendetsa galimoto wa ku Caraguatay uja, akubwera kumudzi sabata yamawa ndipo avomera kunditengera bokosi. Mukalandire nokha, musatume munthu. M'katimo muli kamakina kogayira zipatso, wotchi yamagetsi yoika pakhoma, ndi chinthu chachikulu chimene ndasungira ndalama chaka chonse: makina ojambulira mawu.

Mukudziwa kuti Bambo ndi makalata sagwirizana. Amati kalata imalankhula Chisipanishi ngati wapolisi, pomwe iwo mtima wawo umalankhula Chigwarani. Zaka zinayi ndili kuno, chimene ndimalandira kwa iwo ndi mzere umodzi wa dzanja lanu wakuti "Bambo akupereka moni". Ine ndatopa nawo mzere umenewo, ndikufuna mawu awo enieni. Ndiye ndagula makina awiri ofanana ngati mapasa, ena akhale kuno, ena kumeneko. Mumaika kagudumu ka tepi, mumakoka tepiyo kuikoleka pa kagudumu kachiwiri, mumakanikiza batani lofiira, basi, n'kumalankhula. Timagudumuto n'tating'ono, timalowa mu envelopu. Ndaikamo kamodzi kamene ndajambula kale, ndi kena kopanda kanthu koti mundiyankhirepo.

Chinthu chimodzi chandidabwitsa pomanga bokosili. Mapulagi a kuno ali ndi mano awiri athyathyathya, pomwe ndikukumbuka kuti soketi ya pabalaza kwathu ili ndi mabowo ozungulira. Kodi ndikukumbuka bwino, kapena ndayamba kuiwala nyumba imene ndinabadwiramo? Ngati zili choncho muona chochita, paja inu mumati palibe chokukanikani.

Ndine mlongo wanu,
Hermelinda

Luque, 19 Malichi 1973

Herme, mlongo wanga wa ku America,

Bambo akudalitsa. Ife tili bwino, kutentha kokha ndiko sikukufuna kutichoka. Bokosi lafika, ndipo ndiyambe ndi nkhani yoipa kuti ukafika kumapeto kwa kalatayi mkwiyo ukhale utatha.

Wakumbuka bwino, mabowo athu ndi ozungulira. Ine ndinatenga tupa ya Bambo n'kupala mano a pulagi ya kamakina ka zipatso kaja mpaka analowa bwinobwino. Ña Petrona, mayi wa kuseri kwa mpanda uja, anabwera ndi nthochi ndi mkaka kuti akhale woyamba kulawa za ku America. Nditakanikiza batani, kanthu kaja kanalira ngati ndege ikunyamuka, nthochi zinatheratu nthawi yomweyo, ife n'kuwomba m'manja. Kenako phuu! Utsi tolo, fungo la waya wopsa, magetsi nyumba yonse zii. Galu wathu Sargento anakatulukira pansi pa bedi madzulo. Bambo anachokera kumene amasemera azeze, khosi la zeze lili m'manja, n'kuti, "Crispín, ukakhudzanso katundu wa mlongo wako ndi tupa yangayo, ndidzapala mano ako."

Ndiye wotchi ndi makina a mawu ndinapita nazo kusitolo ya zamagetsi ya pafupi ndi siteshoni. Kumeneko ndiko ndinakamva kuti magetsi si amodzi padziko lonse. Athu ndi a mphamvu 220, anu ndi a 110. Ndiye kuti kamakina kako kanadya mbale ziwiri pomwe mimba yake ndi ya mbale imodzi. Zimenezi zandisowetsa mtendere, Herme. Dziko lolemera choncho, la nyumba zotalika mpaka m'mitambo, likhale ndi magetsi ofooka kuposa a ku Luque? Tawafunsa abwana ako aamuna, ine ndikufuna kudziwa.

Ndagula thiransifoma yotsitsira mphamvuyo. Ndi kabokosi kachitsulo kolemera kuposa mwana wa chaka, kamalira ngati njuchi ndipo kamafunda, moti mphaka wa Ña Petrona wasamukira pamenepo. Kadya ndalama imene tinasungira matailosi a denga, ukapeza kena kake utikumbukire.

Lamlungu tinatulutsa makinawo pansi pa mango, anthu a mumsewu wathu anadzaza bwalo, chikho cha terere, tiyi wathu wozizira uja, chikuzungulira. Tinayamba tayesa ndi Bambo. Ananena mawu awiri, tinabweza tepi, ndipo anatuluka Bambo enieni, moti Sargento anayang'ana iwo, n'kuyang'ananso makina. Bambo anati, "Chinthu ichi sichinama."

Kenako tinaika tepi yako. Herme, mawu ako atani? Ukulankhula mokoka, mawu aakulu, olemera, ngati munthu amene wasenza njerwa tsiku lonse. Anthu anaseka. Ña Petrona akuti wayamba kusuta ndudu zikuluzikulu ngati agogo ake. Bambo sanaseke ayi. Anthu atabalalika anandiuza kuti ndibwereze, anamvetsera mutu uli pansi, n'kuti, "Mwanayu watopa mpaka m'mafupa." Kodi ukudwala? Akukugwiritsa ntchito ngati bulu? Usatibisire.

Mlongo wako,
Crispín

Luque, 9 Epulo 1973

Achemwali a Eulalia,

Moni kwa inu ndi alamu ndi ana onse. Kalata iyi muwerenge muli nokha.

Bambo akudwala. Chifuwa chija tinkati ndi cha fumbi la matabwa si cha fumbi lokha. Ndinawakokera kwa dokotala ku Asunción, anawajambula pachifuwa, ndipo dokotalayo anandiitanira pambali. Akuti akaona Khirisimasi ndi mwayi. Zeze amene anayamba mu Januwale akadali wopanda zingwe. Akachoka pakhonde kufika pa mango amaima kuti apume.

Vuto lina ndi la Herme. Anatitumizira makina ojambulira mawu, ndipo pa tepi yake akumveka ngati munthu wothodwa. Titachoka kwa dokotala, Bambo anatenga korona ya malemu Mayi, n'kundigwiritsa mtanda. Anati, "Lumbira kuti sudzamulembera mwana uja za matenda anga. Wamva wekha mmene akulankhulira. Munthu wotopa choncho ukamusenzetsanso ine, agwa." Ndikanatani, achemwali? Ndinalumbira, koma mtima ukundiwawa, chifukwa Herme akadzamva mochedwa sadzandikhululukira mpaka kufa.

Komabe ine ndinalumbira za kulemba basi. Dzulo ndinawakhazika Bambo patsogolo pa makina aja kuti amuyankhe. Anayesetsa kudzilimbitsa, anaseka, anamufotokozera za nkhuku ndi za ukwati wa mwana wa Ña Petrona. Koma amati mawu atatu n'kupuma, mawu atatu n'kutsokomola. Atadzimvera anakwiya, akuti tifufute. Ndinawauza kuti tepi yopanda kanthu tilibe ina, ndipo lero ndaiponya ku positi. Pa kapepala ndangolembapo kuti, "Mvetsera bwino."

Herme amawadziwa mawu a Bambo kuposa tonsefe. Akangomva mphindi imodzi, adziwa, ndipo akwera ndege. Ine lumbiro sindiphwanya, Bambo adziulula okha.

Mlongo wanu,
Crispín

Buenos Aires, 24 Epulo 1973

Crispín,

Tili bwino. Kalata yako ndalira nayo, koma machenjera akowo ndi achibwana. Bambo akunena zoona. Mapepala a Herme okhalira ku America atuluka chaka chamawa, ndipo akachoka asanatuluke, chitseko chimutsekekera kunja. Zaka zinayi akutsuka matewera a eni zipite m'madzi chifukwa iwe sutha kupirira wekha? Ine sindimulembera kanthu, ndipo iwenso usiye kumutchera misampha. Ndibwera ndikapeza tchuthi kufakitale. Ndaika kandalama ka mankhwala m'kati mwa pepalali.

Za zinthu zimene mukuwotchazo, mukanandifunsa ine. Za kuno mumangolowetsa pakhoma kwathu n'kuyaka, popanda mabokosi olira ngati njuchi. Koma ayi, paja zabwino ndi za ku America zokha.

Eulalia

New York, 13 Meyi 1973

Achimwene,

Dalitso la Bambo ndalimva ndi makutu anga! Tepi yafika Lachinayi, tsiku langa lopuma, ndipo ndaimvera mpaka ndikuopa kuti iduka. Ndalira, ndaseka, ndaliranso. Muli bwanji nonse?

Mwati ndimvetsere bwino, ndamvetseradi. Koma Bambo mukuwadyetsa chiyani? Akumveka ngati munthu wa zaka makumi anayi! Akulankhula mothamanga ngati amayi ogulitsa timabuledi ta chipa pasiteshoni, mawu opepuka, kuseka kwake kwa mnyamata. Ngakhale kachifuwa kawo kaja kachepa, kakungoti khekhe ngati ka mwana. Nkhani ya nkhuku ija ndaseka nayo mpaka Mayi Kessler anagogoda kufunsa ngati ndili ndi alendo.

Mwandibisira zambiri inu. Kagalu kakuuwa kumbuyoko n'ka yani? Sargento wabereka, kapena wafa ndipo mukuopa kundiuza? Sitima nayo ikulira mawu aang'ono, asintha mutu wake? Belu la tchalitchi ndiye landisokoneza zedi. Ine ndimalikumbuka la mawu aakulu ogwedeza pamimba, koma pa tepi likumveka ngati mwana wake. Mwina zinthu za kwanu zimakula m'mutu ukakhala kutali.

Muwauze Bambo kuti sindikudwala, sindisuta, ndipo ndanenepa moti siketi imene ndinabwera nayo sikundikwananso. Tepi ija ndinaimvera ndisanatumize, ndinkamveka bwinobwino. Mwina ndi kabokosi kanu ka njuchi kaja kakundilemetsa mawu. Za magetsi ofooka ndawafunsa a Kessler aamuna. Anandiyang'ana, anayang'ana soketi, n'kuti chibadwire sanaganizepo kuti kwina kuli magetsi ena. Kamakina ka zipatso musadandaule nako, kulakwa ndi kwanga.

Tsopano nkhani yeniyeni. Ndinali nditatsimikiza mumtima kuti ndibwera mu Okutobala pa chikondwerero cha Amayi Maria a Korona, mapepala atuluke asatuluke, chifukwa makalata anu ankandipatsa nkhawa, Bambo mumangowatchula mothamanga. Mayi Kessler akundichonderera kuti ndikhale mpaka mapepala atuluke chaka chamawa, ndipo akufuna yankho pakutha pa Ogasiti. Poti ndamva ndekha kuti Bambo ali ndi mphamvu chotere, mtima wakhala pansi. Ndiganiza ndivomera. Chaka chimodzi si kanthu kwa munthu woseka choncho.

Za matailosi ndaikamo pang'ono, pamodzi ndi tepi ina ya mawu anga.

Mlongo wanu wosangalala,
Herme

Luque, 3 Juni 1973

Hermelinda,

Tili moyo. Ndalama yafika, zikomo.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo sindikudziwa ngati ukuseka ine kapena ukudzinamiza wekha. Munthu wa zaka makumi anayi? Chabwino. Ngati ndi zimene makutu ako akufuna kumva, ine ndilibe mawu. Ndinkaganiza kuti America imasintha zovala zokha. Khala chaka chakocho, ukhalenso china ngati ukufuna. Bambo ndawawerengera, asangalala kuti ukhala, koma zoti sukudwala sakukhulupirira. Tepi yachiwiri imene unaikamo aimvera, akuti mawu ndi omwe aja, a munthu wothodwa.

Sargento ndi wamphongo, sangabereke, ndipo ali moyo. Kagalu kulibe. Sitima ndi yomwe ija, belu ndi lomwe lija. Usandifunse za agalu.

Poti umakonda nkhani zopepuka, nayi ina. Wotchi yako ndi yachabechabe. Ndinaipachika pabalaza, ndinailumikiza ku thiransifoma, ikuyenda, sipsa, koma ikutsalira. Lamlungu tinafika ku Misa anthu akutuluka. Anakugulitsa yakufa.

Crispín

New York, 24 Juni 1973

Achimwene a Crispín,

Mundipemphere dalitso. Ndalakwa chiyani? Chibadwire simunanditchulepo Hermelinda kupatula tsiku limene ndinathyola njinga yanu. Ngati nkhani ndi yakuti mwatopa kusamala nyumba nokha, nenani mosabisa, ndimva. Koma musandilembere ngati ndine mlendo, kuno alendo ndili nawo okwanira. Kalata yanu yandipweteka.

Za wotchi sindikuvomereza. Ndinagula yofanana ndendende ndi imene ili m'khitchini mwa Mayi Kessler, ya kampani yomweyo, ndipo iyo chibwerere changa sinatsalirepo. Yanuyonso ndinaiyesa sabata yathunthu m'chipinda changa ndisanaimange, inkayenda limodzi ndi wailesi. Ndiye yatani panjira? Wotchi imadwala ndi ndege?

Zikundidya mutu, chifukwa chilichonse chimene ndatumiza chikusintha khalidwe chikafika kumeneko. China chapsa, china chikundisandutsa nkhalamba yosuta, china chikuchita ulesi. Mundichitire ichi ngakhale mwakwiya. Muone kuti ikutsalira motani, kaya mwa apo ndi apo kaya mofanana nthawi zonse. Muitembenuzenso, kumbuyo kuli kachitsulo kolembedwa, mundikopere zonse zili pamenepo. Ndikakhala ndi umboni ndikabweza kusitolo, andipatse ina.

Mlongo wanu, ngakhale simukundifuna,
Herme

Luque, 16 Julayi 1973

Herme,

Bambo akudalitsa. Kuno kwazizira, mphepo ya kumwera yalowa m'nyumba monse. Ndinakwiya, n'zoona, ndipo chifukwa chake sindingachilembe. Tisiye pomwepo.

Funso lako lawapatsa Bambo ntchito. Masiku ano amakhala nthawi yambiri mu hamaka, nsalu yogonamo yolendewera ija, ndiye tinaimangirira pabalaza moyang'anana ndi wotchi yako, iwo atafunda bulangete, wotchi yawo yakale ya m'thumba ili pachifuwa. Akhala akuziyerekeza ngati woweruza mpikisano wa akavalo. Zimene apeza zatidabwitsa tonse. Wotchi yako sitsalira mwachisawawa ayi. Ya Bambo ikatha ola, yako imakhala itayenda mphindi makumi asanu, osapitirira, osachepera. M'mawa chimodzimodzi, masana chimodzimodzi. Bambo akuti, "Wakuba uyu ndi waulemu, amaba mofanana nthawi zonse." Tsopano sakufunanso kuti ubweze. Ña Petrona akabwera kudzafunsa nthawi, amamuuza ya ku Luque kenako ya wakubayo, n'kumaseka mpaka kutsamwa.

Kachitsulo ndakopera. Pali dzina la kampani, pali 110 yathu ija, kenako pali 60 ndi timalemba tiwiri tosamveka. Poti ndinali nditayamba kale kusuzumira kumbuyo kwa zinthu, ndinakaona makina a mawu, napo pali 110 ndi 60. Ndinakwera pa mpando kukaona mita ya magetsi ya pakhonde, pamenepo pali 220, ndipo pambali pake pali 50 ndi timalemba tomwe tija. Ndinakafunsa kusitolo kuja. Mnyamata wogulitsa akuti ndi kugunda kwa magetsi, akuti amagunda ngati mtima, kwanu ka 60 pa sekondi, kwathu ka 50, ndipo thiransifoma imatsitsa mphamvu yokha, kugunda siikukhudza. Ndinamufunsa kuti kugundako kumachita chiyani, anati nayenso sadziwa, babu limayaka chimodzimodzi.

Waona? Anthu a kwanu magetsi awo ndi ofooka koma mtima wake ndi wothamanga. Ine zikungondisangalatsa kuti pali manambala awiri, sindikudziwa kuti ndichite nawo chiyani.

Wawayankha kale abwana ako?

Crispín

New York, 9 Ogasiti 1973

Achimwene,

Mundikhululukire zolembazi, ndikulemba mothamanga.

Kalata yanu ndinaiwerengera kupaki, ana akusewera. Ndinaseka za wakuba waulemu. Kenako manambala aja anakana kundichoka m'mutu. Mphindi makumi asanu pa ola la mphindi makumi asanu ndi limodzi. 50 pa mita yanu, 60 pa wotchi yanga. Si zomwezo kodi? Wotchi ija ilibe vuto, imangoyenda ndi kugunda kwa magetsi amene yapatsidwa. A kwathu akugunda pang'onopang'ono, nayo ikuyenda pang'onopang'ono.

Ndili pa benchi pomwepo ndinakumbuka kuti mwati makina a mawu nawo alembedwa 60. Ndiye kuti timagudumu ta makina anu timazungulira mwaulesi ngati wotchiyo. Ine ndikajambula kuno mothamanga, inu mumandimvera mochedwa, ndiye ndimatuluka wolemera ndi wotopa. Mukajambula nokha n'kumvera nokha simungaone kanthu, poti makina ndi omwewo. Ndinaseka ndekha ngati wamisala kuti ndapeza gwero la ndudu za Ña Petrona. Kuseka kunathera pakamwa nditafika mbali inayo. Ngati ine ndimafika kwanu wochedwa, Bambo amafika kuno othamanga.

Lero Lachinayi masana ndinatseka chitseko, ndinaika tepi yawo. Ndinalibe chochepetsera liwiro, ndiye ndinagwiritsa chala. Ndinakanikiza pang'ono m'mphepete mwa kagudumu, mawu anayamba kutsika. Sindinadziwe poimira, ndiye ndinapita pamene belu likulira paja. Ndinakanikiza, ndinakanikizabe, mpaka belu lija linakula, linafika pamimba, linakhala belu lathu la ku Luque. Kagalu kaja kanasanduka Sargento. Ndinasunga chala pomwepo, ndipo Bambo anayamba kulankhula.

Achimwene, ndawamva. Mawu atatu, kupuma. Mpweya ukuchita kulira polowa. Kuseka kuja si kuseka, akudzikakamiza kuti ine ndisadziwe. Chifuwa chija ndinkati cha mwana n'chochokera pansi penipeni, ndipo pambuyo pake pali zii kwa nthawi yaitali, inu mukumveka mukukoka mpando kuwayandikira. Ndinachotsa chala, anakhalanso mnyamata. Ndinabwezera chala, nkhalamba yodwala. Ndachita zimenezo mpaka chala chatupa, ndikufuna kuti ulendo wina zituluke mosiyana.

Miyezi itatu ndakhala ndikuvina ndi tepi imeneyi. Ndinakulemberani kuti mukuwadyetsa chiyani! Tsopano ndamvetsa "mvetsera bwino" wanu uja, ndamvetsanso Hermelinda uja. Sindikufunsani kuti bwanji simunalembe. Ndikuwadziwa Bambo, ndikudziwa kuti pali chimene anakugwiritsani.

Mayi Kessler ndawauza madzulo ano. Anandikumbutsa za mapepala, analira, anati ndiganize bwino. Ndinawaika chala pa kagudumu kuti adzimvere okha. Chigwarani sachimva, koma sanandiletsenso. Mapepalawo apite. Ndikufuna malo m'ndege ya kumapeto kwa mwezi uno, ndikangopeza ndimenya lamya. Bambo muwauze tsiku limene ndikufika, osati kale, angandiletse.

Herme

Luque, 6 Sepitembala 1973

Achemwali a Eulalia,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Onani pamwamba pa kalatayi kumene ndikulembera. Crispín wandionetsa kalata yanu ya mu Epulo. Sindinakwiye, munkandifunira zabwino, ndipo za chitseko munanena zoona, chatsekekadi. Koma ndawapeza ali moyo.

Ndinafika Loweruka masana. Luque yense ali pinki ndi maluwa a mitengo ya tajy, ine osaona kanthu, maso ali pa geti lathu. Bambo anali mu hamaka pakhonde. Achemwali, atha. Mikono ija inkapinda matabwa yatsala mafupa, ndipo mawu achoka, amangonong'ona, uyenera kuweramira kuti umve. Ndinagwada, ndinaphatikiza manja, ndinati, "Ndidalitseni, Bambo."

Sanandidalitse msanga. Anandiyang'anitsitsa, n'kunong'ona kuti, "Bwereza."

Ndinabwereza.

"Lankhula zina. Zilizonse."

Ndinayamba kuwafotokozera za ulendo, za chakudya cha m'ndege cha m'timbale, za mayi wina amene anasanza ulendo wonse. Crispín anayamba kulongosola za 50 ndi 60, akujambula ndi chala m'mwamba, koma Bambo anamukwezera dzanja kuti akhale chete. Anati, "Iwe ndithana nawe bwino, wolumbira zabodza."

"Ine sindinalembe kanthu, Bambo," anatero Crispín. "Munadziulula nokha, makina anangochedwa kupereka uthenga."

Bambo anafuna kuseka, chifuwa chinawagwira, tinawadzutsa. Chitatha anandikodola kuti ndiyandikire. Anaika chikhatho chawo pakhosi panga, china pamsana, mmene amagwirira zeze akamaliza kumata kuti amve ngati thabwa likulira bwino. Anati ndipitirize kulankhula. Ndinalankhula misozi ikutsika, ndikumva zala zawo zozizira zikufufuza mawu anga. Anatseka maso nthawi yaitali.

Kenako anachotsa manja, n'kunong'ona kuti, "Mulibe mng'alu. Uli bwinobwino, mwanawe." Anandiyang'ana, ndipo nkhope inasintha. "Ndiye miyezi yonseyi ndimabisiranji?"

Crispín anatembenukira ku mpanda. Ine ndinangogwira dzanja la Bambo, ndipo m'pamene anandidalitsa.

Dokotala anabwera dzulo. Za Khirisimasi sakuzitchulanso. Musadikire tchuthi cha kufakitale, achemwali, musadikirenso kalata ina yochokera kuno. Kwerani basi ya mawa. Usiku wathawu Bambo anafunsa kuti mawu anu masiku ano amamveka bwanji, bwerani adzawamve okha.

Mng'ono wanu,
Hermelinda